Tsiku Limene Hadi Disiki Inawothera Dzuwa

Mukadzafika kumanda a kwawo kwa mkazi wanga, kumtunda kwa Linthipe, mudzaona chiliza chokongola cha matailosi akuda, chokhala ndi chithunzi cha munthu amene palibe akumudziwa. Amenewo ndi apongozi anga aamuna. Chithunzicho tinachitenga pa chitupa chawo, n'kuchikulitsa mpaka nkhope inasanduka chifunga. Chithunzi chenicheni chinali m'manja mwanga, ndipo ndi ine ndinachiyanika padzuwa.

Malemuwo ankadana ndi kujambulidwa. Ukangotulutsa foni, iwo chipewa kumaso. Koma tsiku lina tikukumba mbatata ya kachewere ndinawabera chithunzi chimodzi: khasu paphewa, akuseka, mano onse pamtunda. Foniyo inasowa m'minibasi pa Chimbiya, koma mwamwayi chithunzicho ndinali nditachisamutsira mu kompyuta yanga ya patebulo, ija yachibokosi. Choncho banja litagwirizana zomanga chiliza, ndinaimirira n'kunena kuti za chithunzi asade nkhawa, andisiyire ine. (Ndine mkamwini. Mpata woyankhula pamsonkhano wa eni mudzi suwoneka kawirikawiri, ndiye ndinayankhula motalikirako.) Madzulo ake apongozi aakazi, aNaphiri, anatumiza mawu kudzera kwa mkazi wanga kuti akufuna adzawaone amuna awo akusekanso.

Sabata yomwe womanga chiliza anafuna chithunzicho, m'mwezi wa Julaye, ndinayatsa kompyuta m'mamawa. Sikirini inangoti bii, ndi mzere umodzi wa Chingerezi wonena kuti hadi disiki sikuoneka. Kwa omwe simunatsegulepo kompyuta, hadi disiki ndi kachitsulo kolemera, kukula ngati sopo wochapira, momwe makinawa amasunga zonse. Ndinazimitsa, n'kuyatsanso. Chimodzimodzi. Ndinalowa patsamba labuluu pomwe kompyuta imatchula ziwalo zake, ndipo zonse zinalipo kupatula chiwalo chomwe ndinkafuna.

Ndinamasula chibokosicho. Fumbi lomwe ndinapezamo mukanatha kudzalapo nyemba. Ndinauzira, ndinayetsemula, ndinazula zingwe n'kuzibwezeranso, china ndinasinthanitsa ndi cha chowerengera ma CD. Nditayatsa ndinagunditsa khutu. Mkatimo munkamveka kuti tiki, tiki, tiki, kenako zii.

Ndinaimbira mnzanga wokonza makompyuta ku Lilongwe. Atamva za tiki tikiyo anati ndisayatsenso, ndisagwedeze, ndikulunge bwino n'kupita nayo, mwina chithunzicho angachipulumutse. Ndinavomera mwaulemu. Nditadula foni ndinayamba kuganiza, ndipo vuto linayambira pamenepo.

Ndinakumbukira kuti masiku am'mbuyomo kompyutayi inkavutavuta m'mawa koma masana inkayaka bwinobwino. Nanga ku Dedza kuno mu Julaye ndani amadzuka mosavuta? Galimoto timachita kukankha, mafuta ophikira amagwirana m'botolo, ngakhale tambala amalira mochedwa. Mnzangayo amakhala kotentha, za mphepo yathu angadziwe chiyani? Ndinagamula kuti hadi disiki sinafe, yangozizidwa. Ndinaimasula, ndinatuluka nayo panja, n'kuikhazika pathanthwe la pakati pa nyumba yathu ndi ya apongozi kuti iwothere dzuwa. (Musaseke. Panthawiyo ndinkadziona ngati dokotala.) Ndinabwerera m'nyumba kukamwa tiyi.

Apa ndifotokoze kaye za banja lomwe ndinakwatirako. Mabanja ena zopewana ndi apongozi anasiya kalekale, amadyera patebulo limodzi. Kwa aNaphiri ayi. Tikakumana panjira, wina amapatukira kutchire, tonse n'kunjuta, moni wake wa chapatali maso ali kumbali. Mawu enieni amadzera mwa mkazi wanga, amake Tadala. Ndipo m'mawa umenewo amake Tadala anali kudimba, kutsidya kwa mtsinje.

Nditatulukanso ndinapeza aNaphiri atayala mkeka pathanthwe lomwe lija, akuyanika ufa. Mwera unkaomba, ngodya za mkeka zikunyamuka. Zitatu anapsinja ndi miyala. Pangodya yachinayi panali hadi disiki yanga, ikunyezimira.

Ndinaima kuseri kwa nkhokwe. Kunena zoona sindinadandaule kwenikweni, chifukwa kupsinja mkeka si ntchito yowononga, ndipo dzuwa inali ikulandirabe. Ndinatsokomola kuti adziwe kuti pali munthu. ANaphiri anamva, anakonza chitenje, n'kutembenuka kundipatsa msana monga mwambo ufunira. Ndinatsokomolanso mwamphamvu. Anasendera patsogolo pang'ono kundipatsa njira, poganiza kuti ndikufuna kudutsa. Njirayo inali mbali ina, osati ya kumkeka.

Ndinaimbira amake Tadala. Foni inalira m'nyumba mwathu, pawindo.

Kenako kunabwera mbuzi. Inali ya alamu anga, yamawangamawanga, yodziwika mudzi wonse pa nkhani ya ufa wa eni. Inayenda mwachifatse ngati yaitanidwa. ANaphiri anaikalipira, iyo osalabadira. Ndinaona dzanja lawo likufufuza pansi, maso ali pambuzi. Linadutsa mwala woyamba. Linagwira chitsulo.

Apa mpata unalipo. Ndikanakuwa kuti, "Amayi, chimenecho ayi!" Mawuwo anafika pakhosi ndithu. Koma chikwatirireni sindinawakwezerepo mawu, ndipo pakamwa panakana kuyamba tsiku limenelo. Chomwe chinatuluka ndi chifuwa chachitatu.

Mayi aja ali ndi dzanja. Mbuzi inalewa, hadi disiki inamenya thanthwe kuti khwee, inadumpha, n'kukagwera m'munsi mwa mtengo wa mapichesi. ANaphiri anakaitola, anaipukuta ndi chitenje, n'kuiyang'ana mokhutira. Pobwerera anaona kuti msomali wa pachitseko cha khola la nkhuku wasololoka. Anaukhoma nayo. Sanaphonye ngakhale kamodzi, ndipo ine ndinaonerera mpaka msomali unalowa wonse.

Amake Tadala atabwera ndi mtolo wa mpiru pamutu anandipeza ndikadali kuseri kwa nkhokwe. Ndinawafotokozera zonse. Anatula mpiru n'kundifunsa.

"Ndiye inu munangoima?"

"Ndinatsokomola."

"Abambo ali m'menemo, inu n'kumatsokomola?"

Anapita kukaibwereka kwa mayi awo, ati tikufuna tikhomere kanthu. Nditaigwedeza pafupi ndi khutu inkalira ngati chibiriti chotsala pang'ono kutha. Ndinapitabe nayo ku Lilongwe. Mnzanga uja anaitembenuza, anaona mabala ake, n'kufunsa ngati inagundidwa ndi lole. Ndinati inagwa. Anati iye amakonza makompyuta, saukitsa akufa.

Tinagwirizana ndi amake Tadala kuti aNaphiri asadzadziwe. Kuuza mayi wamasiye kuti anagenda mbuzi ndi nkhope ya amuna awo, ndani angathe? Banja tinaliuza kuti kompyuta inadya chithunzi. Alamu anga mpaka lero akandiona amafunsa ngati makina aja akhuta.

Tsiku lovundukula chiliza, nsalu itachotsedwa, aNaphiri anasendera pafupi n'kuyang'anitsitsa chithunzi cha pachitupa chija. Sanalire. Anangoti chapansipansi, "Si iwo awa." Ndinali kumbuyo kwenikweni, komwe amaima akamwini, koma ndinamva. Zinandipweteka kwambiri, ndipo zimandipwetekabe.

Patapita masiku anatumiza mawu kuti chitsulo chija tinabwereka tibweze. Tinabweza. Pano chimagwira chitseko cha nyumba yawo kuti mphepo isamachimenyetse, ndipo akuti pa zinthu zonse zomwe ndinabwera nazo pamudzipo, chimenechi ndiye chaphindu.

Masiku ano zithunzi ndimasunga pawiri pawiri, pa fulashi ndi pa foni ya amake Tadala, ngakhale zambiri n'zopanda ntchito. Zokuwa sindinaphunzirebe. Ndikamadutsa pakhomo pa aNaphiri ndimavula chipewa, iwo n'kumati mkamwini wawo ndi waulemu. Sadziwa kuti ndikupereka moni kwa amuna awo, omwe ali pansi pa chitseko chawo, khasu paphewa, akuseka.