Chikatoni cha a Kalilu

A Kalilu, amene ankatayipa makalata pakhonde la sitolo ina pa boma la Nkhotakota, sankakhulupirira kuti pansi pano pali nkhani yoposa mizere isanu ndi inayi. Anali ndi chikatoni chobowola pakati ngati zenera, ndipo chidule cha chikalata chilichonse chinkayenera kukwana m'zeneramo: mutu wa zilembo zikuluzikulu pamwamba, mpata wa zala ziwiri uku ndi uku. Zotsala kunja ankati ndi miseche.

Zipani zitachuluka, aliyense wokhala ndi tayi anasanduka wapampando wa bungwe. Bungwe lililonse linkafuna chikalata chopemphera thandizo, chidule patsogolo, poti mabwana a m'tauni tsamba lachiwiri amaliopa. Onsewo ankafola kwa a Kalilu.

A Raston, a tebulo loyandikana ndi la a Kalilu, mwini satifiketi yotayipa ya m'felemu, ankangotolera makalata opepesa apongozi. Zinkawadya mumtima. Ankanong'oneza anthu kuti chikatonicho n'chokhwimira, komabe Lachisanu mnzawoyo akapita kumzikiti, iwo ankachifufuza m'dirowa. Osachipeza. Mwini wake ankapemphera nacho m'thumba la mkanjo.

Tsiku lina wapampando wa asodzi a ku Liwaladzi anabwera ndi masamba anayi a madandaulo. A Kalilu anasanjikapo chikatoni, n'kuyamba kudula.

"Bambo, mwachotsatu dzina langa," anadandaula wapampandoyo.

"Mukupempha injini ya boti kapena dzina?"

Injini inabwera. A Raston mutu unawapweteka sabata yathunthu. Anabowola chawo pa katoni ya sopo, koma poti mawu awo onse ankawakonda ngati ana, zenera analikulitsa mpaka chidule chinatalika kuposa chikalata.

A Kalilu atamwalira, mkazi wawo, mayi Asiya, anafika pakhondepo ndi kanthu kokulunga m'mpango.

"Anati ndikupatseni inu, achimwene. Akuti mwachiyang'ana zaka zisanu, maso apumeko."

A Raston analandira ndi manja awiri. Chinali chikatoni wamba, chothimbirira ndi thukuta.

Lero mzere wonse wa anthu aja umafola kwa a Raston. Amasanjika chikatoni papepala, mawu n'kusefukira mbali zonse, iwo n'kugwira pensulo osadziwa kuti liwu loti adule ndi liti. Zikatero amatembenukira tebulo la a Kalilu lija, monga ankachitira kale pofuna kuba nzeru ndi diso. Tsopano pamakhala mayi wogulitsa nthochi. Amamuyang'ana kanthawi, kenako amauza wapampando kuti abwerenso mawa.