Tsiku Lomwe Ndinagawa Petulo Wanga Yense

Nkhani iyi akazi anga anandiletsa kuinena pagulu, ati banja lathu lachita kale manyazi okwanira. Koma poti ku Lirangwe ngakhale amayi ogulitsa tomato akuidziwa, ndipo akumaithira mchere wawowawo, bola muimve kwa ine mwini wake.

Ine ndimakhala ku Chileka, ndipo ndimagwira ntchito yokonza mapepala a katundu wobwera pa ndege. Matenda athu ife ogwira ntchito pafupi ndi bwalo la ndege ndi oti timadziona ngati tinapitako kunja. Ndege sindinakwerepo, koma mutandimva ndikufotokoza za "anzathu akunja", mungaganize kuti ndatsika dzulo.

Ndiye kunabwera nyengo ija ya kusowa kwa mafuta, anthu kumaswera pamzere tsiku lonse n'kubwerera chimanjamanja. Tsiku lina kuntchito ndinaona kagalimoto konyamulira katundu kakungozungulira bwinobwino, kumbuyo kwake atamangirirako silinda ya gasi. Ndinamuimitsa woyendetsa.

"Aise, kameneka kakumwa chiyani?"

"Gasi, bwana."

"Petulo ayi?"

"Sikamudziwa n'komwe."

Basi, mutu wanga unagwira moto. Ndinafufuza mpaka ndinapeza makaniko wina chakwa Kameza, a Bwanali, amene anaphunzira ntchito imeneyi ku Joni. Anakhala ndi galimoto yanga masiku awiri. Nditapita kukaitenga ndinapeza silinda ili m'buti, mapaipi atalowa mu injini, ndi kanyali kakang'ono pafupi ndi chiwongolero.

"Tsono bwana, apa mumvetsere bwino," anatero a Bwanali. "Mukaliza galimoto, kanyali aka kayamba kofiira. Kenako..."

Ine n'kuti foni ili kale kukhutu, ndikuuza mnzanga wa kuntchito kuti za pamzere ndatsanzikana nazo.

"Eya, eya, ndamva."

"Koma bwana, chofunika kwambiri ndi choti..."

"A Bwanali, ine ndimagwira ntchito ku eyapoti. Za technology musandiphunzitse!"

Anangopukuta manja ndi kansanza n'kundipatsa makiyi.

Milungu iwiri yotsatirayo sindinapume, ndipo sindinapumitse munthu. Kuntchito ndinkatsegula buti. Kumsika ndinkatsegula buti. Ku tchalitchi, tikangotuluka m'mapemphero, akulu a mpingo anzanga ankathawira kuseri kwa vesitile akandiona ndikulunjika kugalimoto. Ndikadutsa pamzere wa mafuta ndinkachepetsa liwiro, kutsitsa galasi, n'kuwabayibitsa anthu osalakwa.

Tsono mwana wa mlongo wanga, Dalitso, anali atapeza mbeta ku Lirangwe, mtsikana wophunzitsa ku pulayimale dzina lake Tiyanjane. Ine monga malume wamkulu ndinali nkhoswe. Akuchikazi anali kale ndi chikayiko pa ife, chifukwa ulendo wokafunsira mbeta tinafika mochedwa kwambiri. Malume ake a mtsikanayo, a Matiki, mphunzitsi wopuma pantchito amene amayankhula pang'onopang'ono ngati akulembetsa mayeso, anatichenjezeratu.

"Chinkhoswe chiyamba teni koloko. Mukadzachedwanso, tidzadziwa kuti mwana wathu simukumufuna."

Dalitso anapezera abale minibasi, ndipo iye ankafuna kukwera yomweyo. Ndinakana. Ndinati Dalitsoyo, mayi ake, akazi anga, ine, ndi tambala wokapereka kuchikazi tikwera galimoto ya gasi, kuti anthu a ku Lirangwe adziwe kuti mwana wawo akulowa m'banja lotsogola.

Lachisanu masana ndinapeza anyamata a kabaza ya njinga zamoto atakhala pamthunzi pafupi ndi geti yanga, akudandaula kuti tsiku lachitatu tsopano osagwira ntchito. Mtima wanga wachifundo, wosakanikirana ndi matama, unandituma zoopsa. Ndinatenga paipi, kuilowetsa m'thanki, n'kuyamba kuyamwa. Ndinamezako pang'ono, koma sindinaonetse.

"Bweretsani zigubu! Tengani yense! Ine zinthu zamakedzana ndinasiya!"

"Madala, muli serious?"

"Ndikuti tengani!"

Anandiwombera m'manja. Wina mpaka ananditcha bigi. Akazi anga anaima pakhonde, manja m'chiuno.

"Bambo a Chisomo, mwawafunsa a Bwanali?"

"Galimotoyi ndi ya a Bwanali kapena yanga?"

Analowa m'nyumba kukasita suti yanga.

Loweruka m'mawa galimoto inalira, ngakhale inayamba yakhosomola kaye. Kanyali kanafiira, kenako kanabiriwira, ife ulendo. Tambala anali kumbuyo pamiyendo ya mlongo wanga, atamangidwa miyendo.

Titafika pa Lunzu ndinaona mzere wa magalimoto wautali zedi. Mzimu uja unandigwiranso. Ndinaima, kuzimitsa injini, kutuluka, n'kutsegula buti.

"Abale anga, mukuvutikiranji? Taonani kuno! Anzathu akunja anasiya kalekale zomwe mukudikirazi!"

Madalaivala anasonkhana, ena akujambula ndi mafoni. Ndinalalikira mpaka Dalitso anatulutsa mutu pawindo.

"Amalume, nthawi."

"Usade nkhawa, mphwanga. Gasi sachedwa."

Polizanso, galimoto inakhosomola kawiri isanavomere. Akazi anga anandiyang'ana cham'mbali. Ine ndinakweza wailesi.

Tinadutsa Matindi, tinafika pa Lirangwe, n'kukhotera mumsewu wafumbi wopita kwawo kwa Tiyanjane. Nthawi inali itangodutsa hafu naini, ndipo tikanangopitirira bwenzi nkhani ino kulibe. Koma pa kamsika kena ndinaona azibambo atakhala pansi pa mtengo wa mango akusewera bawo, anthu oti za gasi anali asanamvepo. Ndinaima kuti ndifunse njira, chikhalirecho Dalitso njirayo amaidziwa ngati ya kuchimbudzi kwawo.

"Amalume, chonde, musazimitse."

Ndinazimitsa.

Ndinatsegula buti. Ndinafotokoza za utsi wochepa, za injini yosadetsedwa, za tsogolo la dziko lino. Bambo wina anafunsa ngati tingathe kuwiritsirapo tiyi tili paulendo. Ndinamuseka mokoma mtima. Kenako ndinabwerera pampando, n'kupotokola kiyi.

Tche-tche-tche-tche. Zii.

Ndinayesanso. Tche-tche-tche. Zii. Kanyali kanangoti psuu, osasintha.

"Mwina gasi watha," anatero mlongo wanga.

Ndinakagwedeza silinda. Yodzadza, yolemera. Mkwiyo unandikwera. Ndinaimbira a Bwanali, ndipo ndinaika foni pa laudi dala, kuti anthu onse akhale mboni pamene ndikumukalipira munthu wachinyengo.

"A Bwanali! Mwandiikira chiyani m'galimoto muno? Yakana kulira, gasi ali fulu!"

"Pepani bwana. Nanga petulo alimo?"

"Petulo wa chiyani? Iyi ndi galimoto ya gasi!"



"Bwana, injini imadzuka ndi petulo. Ikatentha ndi pamene imasinthira ku gasi. N'chifukwa chake kanyali kamayamba kofiira. Thanki siyenera kuuma. Ndi zimene ndinkakuuzani tsiku lija muli pafoni. Petulo amene munabwera naye uja akanakukwanirani miyezi. Ali kuti?"

Anayankha ndi akazi anga, mokweza bwino kuti a bawo asaphonye.

"Anagawa dzulo. Yense. Anachita kuyamwa okha ndi paipi!"

Abale, kuseka kumene kunabuka pansi pa mtengo paja sindidzakuiwala. Bambo wa tiyi uja anagwa pabenchi. Timadontho totsalira pansi pa thanki, tomwe tikanatifikitsa, ndinali nditatithera pa maulaliki anga.

Tinayesa kukankha, koma galimoto yanga ndi ya otomatiki, siilira ndi chikankho. Tinafunsa ngati pali wogulitsa petulo wa m'mabotolo, anati womaliza anatha Lachitatu. Kuyenda pansi kunali kutali, mlongo wanga ali ndi vuto la bondo, ndipo ine sindikanasiya galimoto ndi silinda yake patchire. Teni koloko inakwana tili pomwepo. Dalitso anakhala pamwala, suti yake yatsopano ili mbuu ndi fumbi, akungoyang'ana foni imene inkalira mosalekeza. Apo ndiye zinandilowa mumtima. Mwana wa mlongo wanga ankataya mkazi chifukwa cha pakamwa panga.

Pomaliza anayankha foniyo. Anali Tiyanjane. Anamufotokozera zonse, osabisa kanthu, ine ndikumva.

"Akuti tidikire," anatero atadula. "Akutumiza thandizo."

Ndinawongola tayi. Ndinkayembekeza galimoto, mwina ya abusa. Patapita nthawi tinamva belu likulira chapatali, ngwe, ngwe, ngwe. Inali ngolo ya bambo ake a Tiyanjane, yomwe m'mawa inkatuta mipando ya pachinkhoswe, ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri zonenepa.

Anamangirira chingwe kutsogolo kwa galimoto yanga. Ine ndinakhala pachiwongolero, mu suti, ndikuwongolera kumene michira ikulowera. Magalasi sankatsika chifukwa batire linali litatha ndi kuliza kuja, ndiye tinkangowira ndi thukuta. Ng'ombe imodzi inaima pakati pa njira n'kudzithandiza, zina zinagwera pa boneti. Tambala anasankha nthawi yomweyo kuti alire.

Tinalowa pabwalo la chinkhoswe dzuwa lili paliwombo. Abale a mu minibasi anali atafika kalekale, ndipo anali atauza mudzi wonse kuti amalume akubwera pa galimoto yodabwitsa yosamwa petulo. Anthu anaimirira pamipando kuti aone. Amayi anayamba nthungululu, koma zinathera m'kuseka.

A Matiki anabwera pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Anazungulira galimoto. Anaima kutsogolo, n'kuyang'anitsitsa ng'ombe zija. Kenako anandigwira chanza mwaulemu wonse.

"Takulandirani, a nkhoswe. Tinamva mbiri yake. Gasi uja ndi ameneyu, wa nyangayu?"

Ndinafuna nthaka ing'ambike.

Akuchikazi anapita kuseri kwa nyumba kukakambirana.  Mlongo wanga sankandiyang'ana n'komwe. Ine ndinaima nditakumbatira tambala, ndikupemphera pemphero loona loyamba m'mwezi wonsewo. Atabwerako, a Matiki anakweza dzanja.

"Mwachedwa, ndipo tinanena. Koma mnyamatayu tamulandira. Munthu amene wapirira amalume otere kuchokera ku Chileka mpaka kuno osawatukwana, mwana wathu adzamusunga bwino."

Nthungululu zenizeni tsopano! Dalitso anagwetsa misozi. Ine ndinayamba kumwetulira, n'kusendera kutsogolo kuti ndipereke tambala.

"Dikirani kaye, bambo," anapitiriza a Matiki. "Pali kanthu kamodzi. Banja likavuta, nkhoswe imafunika kufika msanga. Tsono ng'ombe zathuzi zili ndi ntchito ya kumunda, sizingamakutengeni ku Chileka nthawi zonse. Akuchimuna, tipatseni nkhoswe ina."

Mlongo wanga sanadikire kuti abwereze. Anandilanda tambala m'manja n'kumupereka kwa mng'ono wanga Yohane, munthu woti alibe ngakhale njinga yakapalasa, amene anafika pa minibasi naini koloko isanakwane.

Phunziro ndi loti musanagawe petulo, yambani mwafika kumene mukupita.