Gitala Yosalira ya a Festus

Ku Chisepo mukafunsa za malemu a Festus Kamtengeni, munthu amayamba waseka kaye: "Aja a gitala yosalira aja?" Eya, omwewo. Mkuluyu anabwera ndi gitala yamagetsi kuchokera ku migodi ya ku Joni, n'kudzafikira nayo m'mudzi momwe magetsi ankangowaonera pa mphezi.

Inali yofiira, yolemera ngati mtondo. Dzina la oipanga linafufutika kalekale, choncho linkasintha malinga ndi mlendo: lero ndi ya ku Amerika, mawa ya ku Japani. Pansi pa nsambo zake panali tizitsulo tiwiri tamaginito, tomwe eni akewo ankati ndi makutu a gitala. Akazi awo, a Manesi, ankadziwa ntchito imodzi yokha ya makutuwo: singano ikasowa, ankaipeza itamatirira pomwepo.

Nanga gitala yamagetsi popanda magetsi ingalire bwanji? Imangonong'ona ngati udzudzu. Koma a Festus anali ndi njira yawo. Ankakhala pakhonde, kuwerama, kukanikiza chibwano pa gitalayo, n'kuyamba kukanda nsambo atatsinzina, phazi likugunda pansi. Ankati mawu amayenda m'mafupa mpaka kukafika m'mutu.

"Mwamva pamenepo, amake Elube?"

"Ndamva nkhuku ikupalasa."

"Taikani chibwano mumve!"

"Ine? Chibwano changa pathukuta lanulo? Ndili ndi fodya wofunika kusoka ine."

Nsambo ikaduka ankaikapo waya wa mabuleki a njinga, moti njinga yawo inkatsika zitunda za Dowa ndi pemphero lokha. Kukwaya ya kutchalitchi sankajomba. Ankaima kumbuyo ali chiweramire, ndipo nyimbo ikatha iwo ankapitirizabe, mpingo wonse n'kumadikira gitala yomwe palibe ankaimva. Abusa ankachita kuyang'ana phazi lija: likasiya kugunda, ndiye "Tiyeni tipemphere."

Ndiye kudzitama kwake! "Tsiku lomwe idzalawe magetsi iyi, ng'ombe za ku Ntchisi zidzavina."

Tsikulo linafikadi. Achinyamata a kwaya anapeza sola ndi ampulifaya yokuzira mawu, nabwera nazo mpaka pakhonde. Anthu anadzaza bwalo. A Festus anayang'ana chingwe cholumikiziracho ngati aona njoka.

"Lero ayi, kuli mitambo."

Anabweranso tsiku lina. "Lero chala chatupa."

Anabweranso. Anapeza munthu wapita ku Madisi kukaona wodwala yemwe anali atachira kale.

Anthu anayamba kunena kuti gitala ija ndi thabwa chabe, mkuluyu watinamiza moyo wake wonse. Izi zinawawawa a Manesi, pakuti kuseka mwamuna wako n'kwa iwe mwini, osati kwa mudzi wonse. Anawafunsa ali awiriwiri m'chigafa cha fodya.

"Kodi mukuopa chiyani, bambo?"

A Festus anati, "Makutu ajawa ndi okalamba, Manesi. Chibwerere ku Joni sanalaweko magetsi. Ikakapanda kulira pamaso pa anthu, ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikumva chiyani?"

Kunena zoona, a Manesi nawonso ankakayika.

A Festus anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Maliro atatha, achinyamata aja anabweranso ndi zipangizo zawo, mwaulemu ndithu, kupempha kuti gitala ilire kamodzi kokha, itsanzike mwini wake.

"Badikirani panja," anatero a Manesi, n'kulowa nayo m'nyumba.

Pamwamba pa gitalayo panali pamalo pomwe utoto unatheratu, thabwa litasalala ndi ndevu. Anasuzumira kukhomo kuti mwina wina akuwaona. Kenako anawerama, naika chibwano pomwepo, nakoka nsambo imodzi, ya mabuleki ija.

Mayo ine! Mawu anadzaza mutu wonse, akuya, onjenjemeretsa mpaka mano, ngati waima pansi pa belu la tchalitchi. Anakokanso. Misozi inagwera pa makutu a gitala.

Atatuluka anati, "Bwererani nazo zipangizo zanu, ana anga. Imalira."

"Koma agogo, ife sitinamve kanthu."

"Inenso ndinakhala osamva zaka zonsezi, chonsecho ankandiitana tsiku ndi tsiku."

Masiku ano kwaya ikamaliza nyimbo, abusa amadikirabe pang'ono asanapemphere, maso ali kumbuyo kuja kopanda munthu. Ndipo masana mukadutsa pakhonde paja, mupeza a Manesi ataweramira gitala yofiira, atatsinzina, phazi likugunda pansi. Musavutike kuwapatsa moni. Sakumvani.