Ndime Yachitatu ya Misomali

Lolemba

Misomali yabwerera! Gulu lathu loimba, lomwe linkagonthetsa anthu ku Old Town tsitsi lathu lidakali lakuda, likukumananso. Ulendo wake: Kasungu, Mchinji, Dedza, kenako kwathu kuno ku Lilongwe.

Otsala ndi moyo:
ine, wa gitala wa bezi, zala zayamba kuuma ndi nyamakazi;
Yusufu, wa ng'oma, pano ndi telala pakhonde la sitolo ku Old Town;
Lameki, wa gitala wolira ngati macheka, pano ndi abusa;
Bizwick, woimba, pano ndi a Bizwick a ku Area 12, mpanda wamagetsi, agalu odya nyama.

Chimene ndikufuna ine ndi chimodzi. Nyimbo yathu ija, "Mimba za Kumtunda", yonyoza mabwana a m'maofesi a boma a Kumtunda, sitinaimalizepo pagulu. Tsiku lokhalo lomwe tinaiimba mu holo, anyamata achipani anazula mawaya titangotsiriza ndime yachiwiri. Tinagona m'chitokosi, gulu n'kutha. Ndime yachitatu, yoluma kuposa zonse, ndinaipeka ndine. Sindinailembe papepala, masiku amenewo pepala linkamangitsa. Ili m'mutu muno. Ndikufuna ituluke anthu akumva, zala zisanandikane.

Mayi akunyumba akuti: "Mukatenge ndi mankhwala a BP."

Lachiwiri

Kuyeserera koyamba, kuseri kwa sitolo ya Yusufu.

Ng'oma yaikulu amasungiramo zigamba. Ina yaing'ono nkhuku ikuikiramo mazira, ndipo ikukana kusamuka. Lameki akuti tiyambe ndi pemphero. Pempherolo ndi lalitali kuposa nyimbo zathu zonse kuziphatikiza. Yusufu akungoyang'ana kudenga mwaulemu.

Tiyamba. Phokoso lake! Mtima wanga ukubwerera m'malo mwake. Tili pakati pa ndime yoyamba, mayi wina alowa osaodira: "Che Yusufu, zipi ija bwanji?" Woimba ng'oma wa Misomali akuika timitengo pansi, akupita kukasoka zipi.

Lameki naye ali ndi lamulo lake: "Pamene pali mawu oti kachasu, ine ndizisiya kaye gitala. Akhristu anga ali ndi mafoni."

Bizwick sanabwere. Watumiza mawu pafoni: "Ndili mu meeting, guys, pitirizani, I'm with you."

Ulendo wa ku Kasungu wagwa. Holo yomwe timati tikaimbiremo akuti pano amagulitsiramo feteleza.

Lachitatu

City Centre, kukapempha thandizo kukampani ina ya zakumwa. Ndavala jekete langa lakuda lakale. Mabatani sakufikana, ndiye ndikuliyendetsa chotsegula ngati ndi dala.

Mnyamata wa tayi, msinkhu wa mwana wanga wotsiriza, akundipatsa mpando wozungulira. "Madala, music yanu ndi ya mtundu wanji? Reggae? Gospel?" Ndikumuuza kuti ndi ya anthu okwiya. Akufufuza dzina lathu pafoni. Zikungotuluka sitolo zogulitsa misomali ndi malata. Akuti: "Ife timafuna zinthu zimene youth ingapange nazo relate." Akundipatsa kalendala ya chaka chatha.

Ana a masiku ano! Sanagonepo m'chitokosi chifukwa cha nyimbo, koma kutsutsa ndiye akatswiri.

Mchinji wagwa. Mwini minibasi yemwe anati atinyamula ali pamzere wa mafuta chiyambire dzulo, akuti mzerewo akuudziwa bwino, sufulumira.

Lachinayi

Ku Area 12. Mlonda akutiyang'ana pakabowo ka geti, atatu ndi magitala athu. "Bwana sanandiuze zoti kubwera aganyu." Tikudikira padzuwa mpaka bwana amalize kusamba.

Bizwick atuluka. Mimba ndi imene ikutsogola, mwini wake akubwera pambuyo. Munthu amene ankadumpha pa siteji malaya ali ng'ambing'ambi! Pano amagulitsa mipando kumaofesi a Kumtunda komweko.

Tikuimbira m'galaja, pakati pa galimoto ziwiri. Ndime yoyamba, bwino. Yachiwiri, mpweya wamuthera, akhala pa ndowa. Atapuma akuti: "Koma guys, mawuwa tingawafewetse pang'ono? M'malo mwa mimba tiziti chitukuko." Ndikumuuza kuti akachotsa liwu limodzi, bezi ndimuphwanyira pa galimoto. Akuseka. Ine sindikuseka.

Dedza wagwa. Lameki ali ndi msonkhano wachitsitsimutso.

Koma tamvani izi! Bizwick akuti Loweruka kuli chinkhoswe cha mwana wake wamkazi, pakapinga pomwepo, ndipo ulendo wathu uyambire pamenepo. Mabwana onse a Kumtunda adzakhalapo. Iye akuganiza kuti wapeza gulu laulere. Ine ndikuona mimba zonse zitasonkhana malo amodzi, pamipando yapulasitiki, zopanda kothawira. Mulungu sagona!

Lachisanu

Nkhani yoipa. Pachinkhoswe aliyense avala nsalu imodzi, yosankha mayi a mkwatibwi. Ndi yamaluwa achikasu, muli ndi timbalame tikupsompsonana. Jekete lakuda aletsa, akuti si maliro. Wosoka malayawo ndi Yusufu yemwe, ndipo akunyadira: "Kolala yake mwaiona, achimwene?"

Misomali m'timbalame. Ndikanadziwa ndikanangofera m'chitokosi muja.

Kuyeserera komaliza: m'mawa Lameki ali ndi odwala, masana Yusufu ali kumzikiti. Madzulo tikumana, tikuimba ngati kale, ndime yoyamba, ndime yachiwiri, ndikukoka mpweya kuti ndiwaphunzitse yachitatu. Magetsi thi!

Palibe kanthu. Mawa ndiimba ndekha, Bizwick angogwira mimba.

Loweruka

Matenti oyera, mipando yovekedwa nsalu, galimoto mpaka kumsewu. Atiika pakona, pafupi ndi miphika ya mpunga.

Chimene ndinaiwala: pachinkhoswe mwini nyimbo si woimba, ndi MC. Wathuyu ndi wa suti yonyezimira, pakamwa sipatsekeka. "Band, tipatseni kanyimbo, akuchimuna abwere adzafupe!" Tiyamba "Mimba za Kumtunda". Anthu akuvina, akuponya ndalama m'lichero. Mzere usanathe: "Dulani! Dulani! Tsopano akuchikazi!" Tiyambirenso poyamba.

Odulidwira:
azakhali a mkwati;
anzake a mkwatibwi akuntchito;
amayi a kumpingo;
amene anabwera pagalimoto zoyera;
amene sanafupe chifikireni.

Kenako: "Mabwana a Kumtunda, bwalo ndi lanu!" Adzuka. Mimba zenizeni, zonenepa ndi misonkho yathu, zikubwera molunjika kwa ine. Ndikumenya bezi mpaka zala kuwotcha. Bizwick akuimba motafuna mawu, ndiye ine ndikukuwa pamwamba pake kuti mabwanawo amve bwinobwino. Ndipo akumva! Wina akuloza mimba ya mnzake: "Imeneyo ikunena iweyo!" Onse kuseka, kugundanitsa mimba, kuponya ndalama m'mwamba. Wina akundimata ya pepala pachipumi chathukuta.

Tifika kumapeto kwa ndime yachiwiri. "Dulani!" Ine osadula. Yusufu waima, Lameki waima, ine ndikupitiriza ndekha, ndikusendera ku maikolofoni. MC akuwerama, akuzula waya, akumwetulira: "Madala athu aombereni m'manja, atopa. DJ, tithandize!"

Akutipatsa mpunga ndi nkhuku m'mbale zapepala. Yanga ndi khosi.

Lamulungu

Zala zatupa, sizikupindika. Kutchalitchi sindinapite. Mayi akunyumba apita okha atavala nsalu ya timbalame, akuti ndi yabwino.

M'nyumba muli zii. Ndikuti basi, ndiimbe ndekha, amve ndi makoma. Ndikhala pabedi, bezi pamwendo, wosalumikiza kumagetsi. Ndime yoyamba. Ndime yachiwiri. Ndikutsegula pakamwa.

Palibe chikutuluka.

Ndikuyambiranso. Pomwepo, pamene amatidulira nthawi zonse, mutu nawo ukudula. Ndikukumbuka kuti munali liwu loti "manda". Kapena "mbale".

Ndiimbira foni Lameki: "Zimenezo zinatsala m'madzi a ubatizo." Bizwick: "Inalipo yachitatu?" Kwa Yusufu, makina osokera akumveka kuima. "Ine ndinkangomenya ng'oma, achimwene. Mawu anali anu."

Anali anga, inde. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti tsiku lomwe ndidzaimbe ndime imeneyo, Kumtunda kudzagwedezeka. Bezi ndamubwezera pamwamba pa kabati. Mankhwala a BP ndamwa.