Ndinkangofuna dayirekitala

Mpaka lero ku Tamanda kuli anthu amene akandiona amagwira pakamwa n'kuyang'ana kumbali. Chondiwawa n'chakuti tsikulo ndinali ndisanalawe ngakhale thobwa.

Ine ndi malemu mkazi wanga Esinati tinalembetsa kakampani kogaya chiponde ku Nabvutika, ndipo tinakatcha dzina lake. Madayirekitala tinali awiri, iye ndi ine. Atamwalira sindinafune kukhudza pepala lililonse lokhala ndi dzina lakelo. Kenako kunabwera malamulo atsopano akuti kampani iliyonse itchule eni ake enieni, yozengereza ikhoza kufufutidwa m'kaundula. Mayi wa ku ofesi sanapsatire. "Pepani ndi zovuta, bambo, koma kampani siyenda ndi dayirekitala mmodzi. Pezani wina."

Ndinaganiza za mng'ono wa Esinati, Dailesi, amene ankatithandiza kugula nsawawa kwa alimi. Poti ndine munthu waulemu (ulemu womwewo ndi umene unandigwetsa), sindinamuimbire foni. Ndinakwera basi kupita kumudzi kwawo ku Tamanda kukapempha kwa akuluakulu.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, a Tembo, amalume ake a Dailesi, pampando, apongozi anga aakazi chapatali pamphasa. Ndinaona kuti mawu oti dayirekitala ndi odzionetsera, choncho ndinafunafuna Chinyanja chomveka.

"Amalume, boma lakhwimitsa malamulo. Silikundilola kukhala ndekha. Ndabwera kudzapempha kuti Dailesi alowe m'malo mwa mkulu wake."

Kenako azakhali ena, amene sindinawaone kuti afika nthawi yanji, anaimba nthungululu.

"Boma limeneli layamba nzeru," anatero a Tembo. "Lakupatsani mpaka liti?"

"Mwezi uno usanathe. Ndikungofuna chiphaso chake, asaine, basi."

"Ana a sukulu inu! Munthu mumutenge ndi bolopeni?"

Apo m'pamene mutu wanga unatseguka, koma nkhuku inali itagwidwa kale ndipo azakhali aja anali panjira kukauza akatekisiti. Dailesi anatulukira kuchokera kudimba, khasu lili paphewa.

"Alamu, mwapenga? Asisi sanathe n'chaka chomwe!"

Ndinafotokoza, n'kufotokozanso. Ndinatchula dayirekitala, masheya, kaundula, zonse zimene ndinazibisa poyamba. A Tembo ankangogwedeza mutu mondimvera chisoni.

"Ndiye kuti akhala mkazi wa kampani, osati wanu?"

"Ngakhale wa kampaniyo sindifuna," anatero Dailesi. "Mudzi wonse wamva kale. Chibwenzi changa ndikachiuza chiyani, kuti ndi boma?"

Ndinatola chipewa changa, m'mutu ndikuona chikwangwani cha dzina la Esinati chikutsitsidwa pakhomo la chigayo. Pamenepo apongozi anayankhula akuyang'ana kwa a Tembo.

"Achimwene, muwauze akamwini kuti dzina la mwana wanga silifufutidwa. Alembe ine."

Kampani ilipo, ndipo boma lakhutira. Koma dayirekitala mnzanga tsopano ndi munthu amene mwambo sundilola kukhala naye maso ndi maso. Misonkhano timachita iwo ali kuseri kwa nkhokwe, ine nditanyonyomala pabwalo, a Tembo akunyamula mawu uku ndi uku (n'kumathiramo awo, ndikudziwa). Ulendo wathawu uthenga unabwera wakuti chiponde chathu chachepa mchere. Ndinayamba kufotokoza kuti mavoti athu ndi ofanana. A Tembo anandifunsa ngati ndikufunadi kuti akanene zimenezo kuseriko.

Ndinakathira mchere.