A M'manja, Oombera Wotsiriza

Bambo awo anali kalipentala, mayi awo ankagulitsa makala, iwo n'kudzakhala telala wosoka mayunifolomu pakhonde loyang'anana ndi geti la sukulu. Anabereka ana awiri: woyamba mkazi, amene ndi namwino, wachiwiri mwamuna, amene ndi makaniko kutali uko. Dzina lawo lenileni tinkalidziwa ndife abale okha. Ena onse ankangoti a M'manja, chifukwa tsiku lotsekera sukulu ankaombera m'manja mwana mmodzi yekha: amene wakhala nambala yotsiriza.

Ankafika pabwalo mipando isanatulutsidwe, atavala jekete, tepi yoyezera ili m'khosi. Poitana nambala wani, makolo onse phokoso, iwo manja ali m'thumba. Koma aphunzitsi akatsitsa mawu n'kutchula wotsiriza, anzake atayamba kumukuwiza, telala ankadzuka. Pha! Pha! Pha! Mpaka akhwangwala kuthawa mumtengo.

"Bambo, khalani pansi," anatero ahedi chaka china. "Mukulimbikitsa ulesi."

"Ulesi? Mwanayu wasenza kalasi yonse pamutu. Akanachokapo iyeyu, wotsiriza akanakhala ndani?"

Akanakhala mwana wa ahediwo. Nkhani inathera pomwepo.

Mayi wina anawagenda ndi nsapato, ati akumuseka mwana wake. Iwo anaitola, n'kuibweza mawa lake atasoka lamba. Kamtsikana kena ka sitandade 2 kanalira mpaka kugubuduka chifukwa kanakhala nambala 3. "Ine ndimafuna andiombere agogo aja!"

Amene amati anali ozungulira mutu abwere adzanenere pakhomo pathu. M'banja mwathu mulibe wamisala. Muli anthu amene amatsamwa ndi mawu oti pepa, basi.

Namwino ankadziwa kumene zinayambira. Mlongo wake ali sitandade 5 anakhala wotsiriza, ndipo bambo anaimirira pamaso pa sukulu yonse. "Yunifolomuyo ndinasoka ndine, koma amene ali m'katimo sindikumudziwa." Bwalo lonse linaseka. Mwanayo sanalire. Atangomera ndevu anachoka, ndipo zaka makumi awiri zinatha osalankhulana ndi bambo ake. Kuomba kuja kunayamba chaka chomwe anachokacho.

Kenako kunabwera chaka cha matenda. Ana ankaphunzirira kunyumba, ndipo mwambo wotsekera unachitikira pafoni. Mkazi wa makaniko anauza namwino mwamseri polowera pamwambowo, poti mwana wawo ankamaliza sitandade 1. Namwino anatsamiritsa foni pa makina osokera.

"Akundiona?"

"Akukuonani, bambo."

"Nanga bwanji onse achepa ngati mabatani?"

Tiana tinaimba, aliyense m'kabokosi kake, wina kutsogola, wina kutsalira, wina akutafuna kolala. Mwadzidzidzi telala anasiya kuseka. M'kabokosi kena munali bambo wadazi, mwana wawo uja, atanyamula kamtsikana pamwendo.

"Tuluka," anauza namwino.

"Dikirani ndikuonetseni podina kuti..."

"Ndati tuluka. Makina ndinayamba kugwira iwe usanabadwe."

Namwino anaonera pawindo. Bambo ake anavula chipewa, n'kulankhula nthawi yaitali, misozi ikudontha pa jekete. Kenako anaimirira n'kuomba m'manja mpaka zikhatho kufiira. Namwino atalowa, anawapeza akumwetulira.

"Ndamuuza zonse. Sanayankhe, koma wamva."

Namwino anayang'ana foni. Pa kachizindikiro ka mawu panali mzere wofiira. Aphunzitsi anali atatseka mawu a onse kuyambira pachiyambi. Anafuna kunena, koma nkhope ija anali asanaione yowala chonchi. Anangoti mumtima, Lamlungu ndiwalumikizanso. Lachinayi bambo ake anayamba kubanika, Loweruka tinaika. Misewu inali yotseka, makaniko sanabwere.

Pakhonde paja tsopano pali wogulitsa mayunitsi. Chaka chino sukulu inatsekeranso pabwalo. Atatchula wotsiriza, ana anakuwiza, makolo onse n'kutembenukira pansi pa mtengo pomwe telala ankakhala. Zii. Kamnyamatako kanaima kakudikira, kenako kanakhala pansi n'kubisa nkhope m'malaya.

Makaniko anali pa geti ndi namwino. Anali atabwera kudzaona manda.

"Achemwali, tsiku lija pakamwa pawo pankangoyenda. Ankati chiyani?"

"Anandithamangitsa. Sindinamve."

"Ngakhale liwu limodzi?"

"Ngakhale limodzi."

"Koma ndinaona akuombera mwana wanga."

"Mwana wako anali nambala chani?"

"Wani."

"Ndiye sankaombera iyeyo."

Makaniko anagwira chitsulo cha geti, osachisiya, mpaka bwalo lonse linatha anthu.

"Ine ndinangowayang'ana, achemwali. Ngakhale kukweza dzanja. Ndiwayankhe bwanji tsopano?"

Namwino, amene amadziwa chonena kwa wodwala aliyense, anangomuchotsa kaulusi paphewa.