Nkhumba Imene Inavula Panjira

Ndikulumbira pamaso pa Petulo Woyera wa m'tchalitchi mwathu, iye ndi makiyi ake omwe, kuti mawu onse amene nditi ndinene pano ndi oona. Ndikanama, bwato langa libowoke lili pamtunda. Sukulu ndinaisiyira panjira, inde, koma maso ndinapitiriza nawo, ndipo izi ndinaziona ndekha kuno ku Punta Dilaw.

Chaka chimenecho Nang Choleng (kwathu Nang ndi ulemu wa amayi, Nong wa abambo), mkazi wa a Teryo Maglasang, ndi amene anasankhidwa kukhala mayi wa chikondwerero cha Petulo Woyera. Udindo umenewu anaudikirira zaka khumi ndi chimodzi. Mayi wa chikondwerero amaveka chiboliboli cha woyerayo zovala zatsopano, amakongoletsa tchalitchi, ndipo masana a tsikulo amadyetsa Padre, wansembe wathu, pamodzi ndi aliyense amene ali ndi miyendo yofikira pakhomo pake. Koma maluwa anthu amaiwala likamafika Lolemba. Chimene amakumbukira ndi lechon, nkhumba yootcha yathunthu, ndipo pa nkhumbapo chimene amakumbukira ndi chikopa. Chaka cham'mbuyo udindowu unali ndi Nang Presing, mlamu wake wa Choleng, ndipo akuti chikopa cha nkhumba yake munthu akachiluma chinkamveka mpaka ku chilumba cha tsidya.

Ntchito zonse Choleng anagawira anthu odalirika. Amuna ake anawapatsa imodzi yokha.

"Teryo, tamverani. Nkhumba ipsa teni koloko kwa Nong Dalmasyo. Mukaikweze pa njinga yamoto ya matayala atatu, mudzere msewu wakumtunda. Ifike pano isanakwane thwelofu, yathunthu."

"Ndamva."

"Mwamva chiyani?"

"Nkhumba."

"Msewu wakumtunda, Teryo. Wakunyanja uli ndi mabala a mowa."

"Ine ndi mabala tinasiyana kalekale."

"Munasiyana Lachinayi."

A Teryo ndi munthu wabwino, sanabepo ngakhale mbedza ya mnzawo. Matenda awo ndi amodzi: amakonda kuonedwa. Atafika kwa Dalmasyo n'kuiona nkhumba ili pa nsungwi yake, yofiira psuu, ikunyezimira ngati galimoto yongotsika m'sitima, mtima wawo unadumpha. Anali ndi a Pasyo, amene anaimirira mwana wawo pa ubatizo, n'chifukwa chake awiriwa amaitanana kuti pare.

"Pare, nkhumba ngati iyi n'kuibisa m'njinga? N'kudzera kumtunda kuti ikaonedwe ndi mbuzi?"

"Akazi anu anati kumtunda."

"Anati ifike. Sitiima paliponse. Tingodutsa, anthu aone, basi."

Anasenza nsungwi, a Teryo kutsogolo, a Pasyo kumbuyo, n'kutsikira kunyanja.

Bala loyamba ndi la Nang Iday, denga la masamba a kokonati, mabenchi pamchenga. Pa tsiku la chikondwerero bwato sililowa m'madzi, ndiye asodzi asanu ndi awiri anali atazungulira chigubu cha uchema kuyambira misa yoyamba. Kwathu tambula imakhala imodzi: wothira amathira, wina amamwa, imabwerera, imapita kwa wotsatira. Munthu wodziwika akamadutsa amaitanidwa ndi mawu oti tagay, kutanthauza kuti imwako, ndipo kukana tambula imeneyo kuli ngati kulavulira patebulo. Wothira tsikulo anali Nong Kletoy, nkhalamba ya mano atatu.

"Tagay, Teryo."

"Tili pa ulendo, Nong."

"Oo. Popeza akazi anu akwera, ife tayamba kununkha nsomba?"

A Teryo anamwa chiimire, nsungwi ili paphewa. Mpaka apa panalibe mlandu. Koma inu, tamverani. Munthu amene wanyamula chakudya sangaime pamaso pa anzake osanena kuti tiyeni tidye. Ndipo aliyense amene analeredwa amayankha kuti zikomo, takhuta. Kamodzi ndi ulemu chabe. Kachiwiri ndiye kuti mwiniwake wayamba kutsimikiza. Kachitatu, wokana ndiye wamwano.

"Tiyeni tidye," anatero a Teryo.

"Zikomo, takhuta," anayankha asodzi, akumeza malovu onse pamodzi ngati kwaya.

A Pasyo nthawi imeneyo nkhope inali m'tambula, sanamve. Atapukuta pakamwa nawonso anafuna kuonetsa kuti analeredwa.

"Tiyeni tidye, anyamata."

Asodzi anawerenga mumtima. Kawiri. Nong Kletoy anayang'ana kunyanja ngati sakufuna kalikonse pa dziko lino.

"Musavutike, ana anga. Ndamva kuti Dalmasyo wakalamba, chikopa chake masiku ano chikumakhala ngati tayala la njinga. Ya Presing ija ndiye inali nkhumba."

Makutu a a Teryo anatentha. "Tayala? Nong, tiyeni tidye."

Anatsitsa nkhumba patebulo, n'kuthyola kachikopa kakang'ono ngati bokosi la machesi, cha kumimba kumene maso safika. Kanalira kuti khwa, mbalame zinauluka pa denga, ndipo munthu wina amene ankagona pansi pa bwato kuyambira dzulo lake anadzuka n'kufunsa ngati kwagwa nkhondo. Nong Kletoy anakukuta ndi mano ake atatu, misozi ikulengeza.

"Ndinanama, mwana wanga. Presing anatidyetsa nsapato."

Mawu amenewo a Teryo akanatha kuwaika m'felemu. Koma simungapatse mmodzi asanu ndi mmodzi akuyang'ana. Pamimba pa nkhumba panatseguka mazenera asanu ndi awiri. Ndiponso munthu amene wabweretsa chomwera mowa sakhalanso wodutsa, ndi mwini bwalo, choncho tambula inawazungulira kawiri.

"Sizikuoneka," anatero a Pasyo atasuzumira pansi. "Padre sakagona chagada kuti aione."

Nkhani kwathu imathamanga kuposa anthu osenza nkhumba. Pamene ankafika pa bala la Nang Sayong, lija lili ndi makina oimbira, anapeza Tiyo Ambo, malume ake enieni a Choleng, ataika kale mipando iwiri moyang'anizana.

"Itsitseni apa, mkamwini, ipume. Ndamva mwadyetsa a kwa Iday."

"Anangolawa, Tiyo."

"Eya, alendo alawe, ife achibale tinunkhize. Palibe kanthu. Ine ndi amene ndinakupatsani mkazi, koma palibe kanthu. Tagay."

Apa a Pasyo anabwera ndi nzeru. Anati popeza mazenera a pamimba aja akuonekera mbali ya kumanja, ndi bwino kuchotsako pang'ono kumanzere kuti zifanane, anthu aziganiza kuti Dalmasyo ndi mmene akuotchera masiku ano. A Teryo anaona kuti ndi mfundo ya munthu wophunzira.

Ndiye wina anawapatsira maikolofoni. A Teryo anati nyimbo imodzi yokha, ya ulemu kwa Tiyo. Anaimba ndi mtima wonse, maso ali otseka, dzanja lili pachifuwa. Makina anawapatsa mamalikisi 78.

"Makinawa ndi owonongeka," anatero.

"A Pasyo anapeza 90 Lamlungu," anatero Nang Sayong ali kuseri kwa kauntala.

Anaimba zina zitatu. Atatsegula maso pa 84, anapeza mbali yonse ya kumanzere yayera. Aliyense analumbira kuti iye anangowongola m'mphepete pamene mnzake anathyola mokhota. Khutu limodzi nalonso panalibe. Limenelo anatenga ndi galu wa Nang Sayong, wakuda wa miyendo itatu, amene anadumpha mpando, kuluma, n'kuzimirira m'mabwato. Ndinamuona ndi maso angawa.

Za bala lachitatu ndi lachinayi sindikutayitsani nthawi. Lachitatu munali anyamata oyendetsa alendo pa mabwato, amene anakankha nawo bwato la a Teryo tsiku la namondwe. Lachinayi munali munthu amene a Teryo sayankhulana naye, ndipo kumumana ameneyo kukanaoneka ngati akusunga chakukhosi pa tsiku la woyera. Pofika kumapeto kwa msewu, belu la tchalitchi likulira hafu leveni, kumbuyo kwawo kunali amuna khumi ndi anayi akuwaperekeza, milomo ili noninoni.

A Teryo anatsitsa nkhumba pa benchi, n'kuiyang'ana bwinobwino koyamba chichokereni kwa Dalmasyo. Uchema wonse unawathera m'mutu. Inali yoyera mbee, ngati mlendo wa ku Ulaya tsiku lake loyamba pamchenga. Pamsana pokha ndi pamene panatsala chikopa chachikulu ngati chikhatho. Chimenecho palibe anachikhudza, chifukwa chidutswa chomaliza kwathu chimatsala m'mbale. Munthu akhoza kudya nkhumba yonse, koma chomalizacho amachita nacho manyazi.

"Pare, ndafa," anatero a Teryo. "Zaka khumi ndi chimodzi."

"Simunafe. Anyamata, masamba a nthochi."

Anaikulunga yonse bwinobwino ngati khanda, n'kusiya zenera limodzi pamsana, pomwe chikopa chija chinkanyezimira. Nzeru inali yoti ikafika azikaidulira kukhitchini, alendo aziganiza kuti chikopa chatha ndi amene anali patsogolo pa mzere. Kunena zoona, inkaoneka bwino moti a Teryo anayambanso kuyenda mwamatama.

Atatsala pang'ono kukhota kulowera kwawo, kumbuyo kunamveka njinga yamoto. Anali Padre Lusyo, akuchokera kodalitsa mabwato. Munthuyo anali atachita misa zitatu m'mimba mulibe kanthu. Anaima, onse anagwira dzanja lake n'kuligunditsa pamphumi.

"Ndiye imeneyi nkhumba ya Choleng? Yavala bwino."

A Teryo anauza pakamwa pawo kuti pakhale chete. Pakamwa sipanamve.

"Tiyeni tidye, Padre."

"Zikomo, ndakhuta," anatero Padre, ndipo nthawi yomweyo m'mimba mwawo munalira ngati injini ya bwato.

A Pasyo sakanatha kumva zimenezo kwa munthu wa Mulungu n'kukhala chete. "Tiyeni tidye ndithu, Padre."

A Teryo anacheuka kuti awaponde phazi, koma nsungwi inali pakati pawo. Amuna khumi ndi anayi aja, poti chikumbumtima chinkafuna mnzawo wamkulu, anayankhira limodzi ngati pa misa: "Idyani, Padre."

"Chabwino, kachidutswa kochepa. Pa nkhumba yonseyi palibe angazindikire."

Anatsina m'mphepete. Chikopa chonse chinanyamuka, chathunthu, n'kutsalira m'manja mwawo. Padre anasuzumira pa zenera lija, n'kukweza tsamba limodzi, kenako lachiwiri. Anayang'ana a Teryo, anayang'ana milomo ya amuna aja, anayang'ana chimene anagwira. Kuchibwezera kunali kosatheka. Anachidya.

Anafika pakhomo ikukwana thwelofu ndendende, a Teryo amakumbutsa anthu mfundo imeneyi mpaka lero. Bwalo linali lodzaza. Choleng anali mu diresi la buluu, Nang Presing atakhala pafupi ndi tebulo lalikulu akudzikupiza.

"Kukhitchini, pare," ananong'ona a Teryo.

"Ayi, patebulo," anatero Presing. "Tonse tione, mlamu. Mwaibisiranji?"

Choleng anachotsa masamba yekha, limodzilimodzi. Atafika pa lomaliza, ngakhale ana anasiya kuthamanga. Kwathu mkazi sakalipa pamaso pa alendo, choncho Choleng anamwetulira, ndipo kumwetulira kumeneko ine ndimakulotabe.

"Teryo, mwamuna wanga, nkhumbayi yavula kuti?"

A Teryo anayang'ana a Pasyo. A Pasyo anayang'ana Tiyo Ambo. Tiyo Ambo anayang'ana Padre, amene kachinyenyeswa kofiira kanali kadakali pa kolala.

"Tiyeni tipemphere," anatero Padre.

Pemphero limenelo linatenga mphindi makumi anayi. Anapempherera asodzi, odwala, a m'ndende, a panyanja za kutali, ndi oyera ena amene sitinawamvepo. Koma pemphero lililonse limafika pa amen. Anthu atatsegula maso, Presing anali kale ndi foloko m'manja.

"Musadandaule, mlamu. Chikopa chimakweza magazi. Mwatiganizira."

Apa Nong Kletoy, amene anatsatira gulu ndi ndodo yake, anatsokomola. "Presing, ine ndinachilawa. Chako chija chinali nsapato."

"Nsapato," anavomereza amuna khumi ndi anayi, ndipo Padre, Mulungu awakhululukire, anagwedeza mutu pang'ono.

Ndiye mpaka lero chikopa chotchuka kwambiri ku Punta Dilaw ndi cha Choleng, chimene palibe mayi ndi mmodzi yemwe anachiona. Musaganize kuti zimenezi zinawapulumutsa a Teryo. Chakudya chitagawidwa, Choleng anadza ndi mbale yodzaza mpunga ndi nyama, n'kuima patsogolo pa amuna ake, akumwetulirabe.

"Tiyeni tidye."

A Teryo analeredwa. "Zikomo, ndakhuta."

Anadikira kachiwiri. Choleng anapereka mbale kwa Tiyo Ambo. Ndipo kwa masiku asanu ndi anayi, m'mawa, masana ndi madzulo, mayiyo ankanena mawu amenewo mwaulemu wonse, kamodzi.

Zonsezi ndi mmene zinachitikira, mukhoza kufunsa aliyense kunyanja kuno. Za galu zokha zija ndawonjezera. Nang Sayong alibe galu, ndipo khutu lija linali lothira mchere bwino.